Mtengo wa Tsaya Limodzi

Johannesburg
6 Okutobala 2024

Achemwali anga a Alesi,

Moni wa kuno ku Joni. Muli bwanji pa esiteti pamodzi ndi Amayi? Nanga mwana wanu Miriam ndi amuna ake ku Makwasa? Ine ndilipo, ndikugwirabe m'gadeni mwa madamu omwe aja. Kalatayi ndapatsira a Mervin, oyendetsa thiraki ya katundu aja, pamodzi ndi bulangete la Amayi ndi shuga mapaketi anayi.

Uthenga wanu ndinaumva, woti Amayi akutupa miyendo ndipo akumandifunsa. Sikuti ndilibe mtima, Achemwali. Zaka khumi ndi chimodzi si masewera, ndipo ngakhale maliro a Bambo ndinangowamvera kuno. Ndimanama kuti vuto ndi mapepala, koma mapepala ndili nawo. Chimene chimandikanika ndi kulowa pakhomo paja n'kukuyang'anani kumaso. Ndikangoganiza za tsaya lanu lija ndi chiwaya cha mafuta chija, ndalama ya tikiti ndimaibwezera m'thumba.

Koma tsopano ndapeza njira. Madamu anga anali ndi zipsera kumaso za matenda a kale. Anapita kwa dokotala wa khungu amene ali ndi makina otchedwa leza. Makinawo amaboola khungu timabowo ting'onoting'ono ndi kuwala kotentha, khungu lakale n'kufunduka, latsopano n'kumera pansi pake. Anakhala m'nyumba masabata awiri, potuluka ndinachita kuwadabwa, nkhope see. Ndinawafunsa ngati makinawo amathanso chipsera cha moto, anati amachichepetsa kwambiri. Ndamvanso kuti ku Blantyre kuli kiliniki ya pulayiveti imene ili nawo.

Mutume Miriam akafunse mtengo. Za ndalama musade nazo nkhawa. Ndinawononga ndine, ndikonzenso ndine. Nkhope yanu ikangokhala bwino ndikwera basi ndibwere, ndikulumbira pamaso pa Mulungu.

Mlongo wanu,
Malizani

Ku malaini, pa esiteti, Thyolo
27 Okutobala 2024

Achimwene,

Zikomo, bulangete lafika, ngakhale kuno kukutentha moti agalu akungogona m'ngalande. Amayi akuligonera pansi. Shuga a Mervin abweretsa mapaketi atatu, akuti lina linang'ambika pa boda. Ndangoti chabwino, boda imeneyo imamwa tiyi wambiri.

Ndiye mwati mapepala muli nawo? Ha! Zaka zonsezi ine ndikuwauza Amayi kuti boma la ku Joni ndi lankhanza, kani chokutsekerani njira ndi nkhope yangayi? Ndi chifukwa chake foni simuyankha mukaona nambala yanga, mpaka tikulemberana makalata ngati nthawi ya agogo athu a ku migodi?

Popeza mwaiyamba ndinu, lekani ndiinene nkhaniyi kamodzi, chifukwa pakhomo pano timangoti inali ngozi. Linali tsiku la malipiro. Ine ndinkakazinga mandasi oti ndikagulitse pa geti la fakitale, ndalama zake zoti inuyo mukwerere basi ya ku Joniko. Munabwera mutamwa kachasu, mukufuna ndalamazo pompo. Ndinakana. Munakoka nsonga ya chitenje pamene ndinamangapo ndalama, mwendo wanu n'kugunda chiwaya. Mafuta anandipeza tsaya lamanzere ndi pachipumi, pamwamba pa diso. Ndili gone kuchipatala inu munanyamuka. Ndi zomwezo basi, ndipo kulira ndinalira n'kumaliza kalekale. Abambo ake a Miriam anati akuthawa nkhope imeneyi, koma amene aja ngakhale ndikanasalala bwanji akanapitabe.

Ine chipserachi ndinachizolowera. Masamba a tiyi sayang'ana nkhope ya wothyola, sikelo nayo imangoona makilo. Ana a m'malaini muno, m'nyumba za antchitozi, amanditcha a Nachiwaya, ndipo ndimayankha bwinobwino.

Koma mwalumbira kuti mubwera, ndipo mawu amenewo ndawagwira. Amayi maso achita ng'ala, saonanso, ndipo masiku ano akungolankhula Chilomwe chokhachokha ngati abwerera ku utsikana wawo. Asunga kalongonda, nyemba zathu za Chilomwe zija, m'chigubu pansi pa bedi, akuti saphikidwa mpaka Malizani atafika. Mwini mbumba ndinu, palibenso mwamuna wina pa mtundu wathu. Ngati msewu wokubweretsani kuno ukudutsa pa tsaya langa, udutse. Mwezi ukatha ndipita ine mwini ku Blantyre, Miriam andiperekeza.

Ndine,
Alesi

Ku malaini
17 Novembala 2024

Achimwene,

Moni. Amayi ali chomwecho, tsiku lina adzuka, tsiku lina agonera. Kumeneko muli bwanji?

Ku Blantyre tinapita Lachisanu. Malo ake ndi ozizira moti ndinachita kudzifungata, pansi pakuwala, ine ndi masilipasi anga a matope. Mtsikana wa pa desiki anatipatsa pepala lojambulidwa nkhope ya munthu, nkhopeyo ataidula ndi mizere. Chipumi pachokha, mphuno payokha, chibwano pachokha, tsaya lamanja, tsaya lamanzere, chilichonse ndi mtengo wake. Ndinaseka mpaka Miriam ananditsina. Ndinati kodi kuno nkhope mumagulitsa ngati mbuzi ya pa butchala, mwendo mtengo wake, nthiti mtengo wake?

Imvani tsono. Tsaya limodzi ndi K480,000. Chipumi ndi K350,000. Mafuta odzola oteteza ku dzuwa ndi apadera, kabotolo kochepa ngati chala, K65,000. Ndipo mitengo imeneyi ndi ya ulendo umodzi, pamene chipsera ngati changachi akuti chimafuna maulendo atatu kapena anayi. Tsaya limodzi ulendo umodzi ndi malipiro anga a miyezi inayi, osadya, osagula sopo.

Adokotala ake ndi mayi wachitsikana, waulemu. Anandigwira nkhope bwinobwino, anaitembenuza uku ndi uku, kenako anandifunsa ntchito yanga. Nditati ndimathyola tiyi, anaika cholembera pansi. Anati khungu lakuda ngati lathuli, likachoka pa leza n'kukalowa padzuwa, limada kuposa poyamba, ndipo nthawi zina silibwereranso. Anati masabata asanu ndi limodzi ndisaonane ndi dzuwa. Ndinati, adokotala, ofesi yanga ilibe denga.

Ndiye tamvani, Achimwene, poti mwina za tiyi munaiwala. Mvula ikangogwa tiyi amaphuka mopenga. Kuyambira Disembala mpaka Epulo palibe wopuma, munda umene mwathyola lero pakutha sabata wadzazanso, ndipo lifu sapereka ngakhale mutalira. Koma Juni, nthawi ya chiperoni, masamba amachepa, dzuwa limabisala m'nkhungu, lifu amachita kutikakamiza. Nthawi yochitira zimenezi ndi imeneyo.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti sindikudziwa ngati Amayi afika Juni. Bwanji mungobwera pa Khirisimasi, nkhope tidzaione pambuyo? Ndikulonjeza, masiku onse amene mudzakhale kuno ndizidzakulozetsani tsaya lamanja lokha.

Alesi

Johannesburg
8 Disembala 2024

Achemwali,

Moni nonse. Kalata zanu ziwiri zafikira limodzi. Yoyamba ija ndinaiwerenga kamodzi n'kuiika pansi pa matiresi, sindingaiwerengenso.

Khirisimasi sindingathe. Madamu amapita kunyanja ndi banja lawo, ine ndimatsala kulondera nyumba, ndipo bonasi yanga imachokera pamenepo. Koma nkhani yabwino ndi iyi: bonasiyo andipatsiratu. Ndaphatikiza ndi zimene ndinasunga, ndatumiza K545,000 pa foni ya Miriam. Imeneyo ndi ya tsaya ndi mafuta aja. Chipumi chidikire kaye, poti duku limaphimba.

Za Juni zija ayi, Achemwali. Ndinaimba foni ku kiliniki kuja, andiuza kuti pa 1 Febuluwale mitengo yonse ikwera chifukwa zipangizo zawo amagula ndi madola. Tikadikira Juni ndalama imeneyi sikwanira ngakhale theka la tsaya, ndipo ine bonasi ina ndi Disembala wa chaka chamawa. Ndakulembetserani kale tsiku, Lachiwiri pa 14 Januwale, teni koloko.

Za dzuwa musaope kwambiri. Madokotala amakonda kuopseza kuti pakavuta asadzawanene. Madamu anga ankangovala chipewa chachikulu. Mukatenge kalata kwa dokotala, mukaipereke ku ofesi ya esiteti, akupatsani sikilifu. Kuno kalata ya dokotala palibe bwana amene amaikana, ndi lamulo.

Ndawerengera bwinobwino. Mukachita mu Januwale, pofika Epulo mudzakhala mutapola. Ine ndatenga kale lifu ya Isitala. Amayi muwauze kuti pa Isitala mwana wawo ali pakhomo, kalongonda ayambe kumusankha.

Mlongo wanu,
Malizani

Ku malaini
19 Januwale 2025

Achimwene,

Moni. Amayi akupereka moni, ndipo za Isitala zija auza laini yonse, ngakhale wogulitsa makala akudziwa.

Ndapita, andichita. Anayamba andipaka mankhwala ochititsa dzanzi, anandiveka magalasi akuda, makina n'kuyamba kulira kuti tche tche tche pa tsaya. Kupweteka sikunali kwambiri. Chimene chinandigwetsa misozi ndi fungo. Ndinalizindikira, Achimwene, ndi lomwe lija la tsiku la mandasi. Nesi anaganiza kuti ndi ululu, anandigwira dzanja. Maminitsi makumi awiri okha, thukuta lanu lonse lija linathera pamenepo. Tsaya latupa, likuyaka ngati andipaka tsabola, ndipo layamba kufunduka. Akuti ndi momwe limachitira.

Adokotala anabwerezanso za dzuwa katatu, anandilembera kalata yabwino ya sitampa. Lachitatu ndinapita nayo ku kiliniki ya esiteti, chifukwa ofesi silandira pepala la kunja popanda siginecha ya kumeneko. Bambo wa pa kilinikiyo anaiwerenga, anandiyang'ana, anaiwerenganso, n'kuseka. Anati, mayi, awa si matenda, izi ndi zodzikongoletsa. Sikilifu ndi ya malungo, ya njoka, ya munthu wovulala pa ntchito. Anati pa msinkhu wanuwu mukufuna kukwatiwanso? Anthu a pa benchi onse anaseka. Ndinapinda kalata yanga ndi kutuluka.

A Amosi, kapitawo wathu, ndi munthu wachifundo. Andibisa masiku atatu, koma dzulo anabwera pakhomo chipewa chili m'manja. Anati Lolemba ndioneke m'munda, apo ayi iwonso awapeza. Lamulo mukulidziwa, munthu akajomba sabata nthawi ya masamba ambiri dzina limafufutidwa, ndipo pa geti pali anthu makumi angapo akudikira malo. Dzina likapita, nyumba imapita nalo. Nyumba inoyi si yathu, ndi ya nambala yanga ya ntchito. Malo athu a kumudzi ku Changata aja tinagulitsa pa matenda a Bambo. Ndiye Amayi, ndi miyendo yawo ija, ndiwabereke ndipite nawo kuti?

Mawa ndikulowa m'munda. Ndapeza chipewa cha mlaza, ndimanga kansalu kumaso, mafuta aja ndidzola. Musadandaule, ndaonapo zoposa izi.

Amayi anamva kuti tsaya likasalala mubwera, ndiye m'mawa uliwonse akumandiitana, akuti bwera ndikugwire tsaya ndimve ngati Malizani wayandikira. Ndawauza kuti adikire lipole kaye.

Alesi

Johannesburg
2 Febuluwale 2025

Achemwali,

Kalata yanu yandifika lero ndipo mutu wanga sukuyenda. Chonde, chonde, tulukani m'mundamo.

Ndinawafotokozera madamu. Anandikalipira ngati mwana. Akuti iwo masabata awiri aja sanatuluke ngakhale pakhonde, makatani anali otseka, ndipo chipewa chija anayamba kuvala atapola kale. Akutinso khungu lawo ndi lathu ndi zosiyana, lathu ndi limene dzuwa limaliwononga msanga. Ine ndinangoona nkhope yosalala potuluka, sindinafunse za m'katimo. Dokotala wanu uja sankaopseza ayi.

Siyani ntchitoyo. Pitani mukakhale kwa Miriam ku Makwasa, Amayi muwatenge. Ndiyesetsa kutumiza kenakake mwezi ukatha, ngakhale pakali pano ndatsala ndi ya lendi yokha. Ndinatenga foni kuti ndikuimbireni, ndinadina nambala, itangoyamba kuitana ndinadula. Mundikhululukire, mawu anu sindingawapirire.

Miriam akujambuleni chithunzi anditumizire ndione.

Malizani

Ku malaini
23 Febuluwale 2025

Achimwene,

Moni. Mwangoti zii, a Mervin nawo sanaoneke mwezi wonse uno. Muli bwino kodi?

Kuno mvula ikugwa m'mawa, masana dzuwa, masamba ndiye osanena. Sabata yatha ndinapitirira mgwazo, makilo amene amatilamula pa tsiku, masiku onse, makilo a pamwamba alipo ndithu. Amayi akudya pang'ono. Kutupa kwafika m'mawondo, koma mtima uli m'malo chifukwa akuwerenga masabata.

Tsaya likupola bwino. Musade nkhawa.

Mundiuze tsiku lenileni limene mufike ndi basi yake, kuti ndikapemphe a Amosi andimasule masana ndikakuchingamireni pa siteji. Mubwere ndi jekete, Epulo kuno m'mawa kumazizira.

Alesi

Makwasa
16 Marichi 2025

Amalume,

Ndine Miriam. Moni ndikupereka chifukwa ndi mwambo, koma mtima wanga suli bwino ndi inu. Amayi andiletsa kulemba kalatayi, ndiye musawauze, kapena auzeni, zilibe kanthu.

Kalata yanu yoti asiye ntchito inafika Lachiwiri lapitali. Thiraki ya a Mervin inagwidwa pa boda masabata asanu. Koma ngakhale ikanafika tsiku lomwelo, mukuganiza kuti akanasiya? Ine ndi amuna anga tili m'chipinda chimodzi cha lendi ndi ana awiri. Agogo tikanawagoneka pati?

Mukufuna chithunzi. Sindijambula, ndingokuuzani. Tsiku loyamba m'munda anamanga kansalu kumaso. Munthu wothyola tiyi amawerama tsiku lonse dengu lili kumsana, thukuta limatsikira kumaso. Pofika nthawi ya sikelo kansalu kanali katamatirira pa bala, pochotsa kanachoka ndi khungu. Tsiku lachiwiri anasiya kansaluko. Mafuta aja akadzola, mvula imatsuka, mvula ikakata dzuwa limatuluka lija loswa mutu. Kabotolo kanatha masiku khumi. Sabata yachitatu tsaya linachita mafinya, ndinachita kuwakoka kupita nawo kuchipatala kukabayitsa jakisoni.

Pano bala lapola, koma Amalume, tsaya lija lada bii ngati pansi pa mphika, lachita makwinya olimba, kuyambira pansi pa diso mpaka kuchibwano. Lakula kuposa chipsera chakale. Chakale chija munthu ankayang'ana kamodzi n'kuzolowera. Ana a m'malaini asiya kuwatcha dzina lija, akawaona amangopatuka. Ndinabwerera nawo ku Blantyre. Dokotala analiyang'anitsitsa tsayalo. Kenako anati leza sangaikeponso mpaka chaka chitatha, ndipo sakulonjeza kuti kudako kudzachoka.

Chimene chikundiliza ine ndi ichi. Agogo m'mawa uliwonse amaitana Amayi kuti awagwire tsaya. Amayi amagwada mbali inayo ya bedi n'kuwapatsa tsaya lamanja, labwino lija. Agogo amasisita, amaseka, amati lasalala, lasalala, mwana wanga akubwera. Ndinaziona ndi maso anga Loweruka, ndinathawira kuseri kwa bafa.

Amayi sanafunepo nkhope yatsopano. Sindinawamvepo akudandaula za chipsera chija, ngakhale tsiku la ukwati wanga anajambulitsa nacho kutsogolo. Anapita ku makina aja chifukwa munati mukatero mubwera. Mbali yawo achita. Isitala ndi pa 20 Epulo. Anamwino akuti mtima wa agogo watopa, madzi ayamba kufika m'chifuwa. Bwerani.

Miriam

Johannesburg
30 Marichi 2025

Achemwali,

Miriam wandiuza zonse. Musamukalipire.

Masiku atatu sindinapite kuntchito. Ndakuwotchani kawiri, Achemwali. Koyamba ndinali nditaledzera, kachiwiri ndili bwinobwino, ndi ndalama zanga, tsiku n'kusankha ndekha. Munandiuza za Juni, ndinakana. Ndine munthu wamtundu wanji ine?

Tikiti ndinali nditagula. Ndakabweza. Ndingafike bwanji pakhomo paja panopa? Poyamba ndinkaopa chipsera chimodzi, pano ndiziyang'ana pati? Anthu a m'malaini onse akudziwa kuti ndi Malizani wachitanso.

Koma sindinagonje. Ndapeza dokotala wina kuno amene amadziwa khungu la anthu akuda. Ndamufotokozera, akuti pali mankhwala ndi leza ya mtundu wina yochotsa kuda, maulendo asanu ndi umodzi. Ndi zodula kwambiri, koma ndapeza ganyu ya Loweruka ndi Lamlungu kotsuka magalimoto. Ndalama ya tikiti ija ndayambira kusunga. Pofika Disembala ndidzakuitanitsani kuno, mudzakhala m'nyumba miyezi iwiri osaona dzuwa, ndipo tikadzatha tidzabwerera limodzi kumudzi, inu ndi ine, basi imodzi.

Amayi muwauze kuti mapepala avutanso. Apirire pang'ono, Disembala si kutali.

Mlongo wanu wolakwa,
Malizani

Ku malaini
11 Meyi 2025

Iwe Malizani,

Moni sindipereka. Za maliro ukudziwa, poti Miriam anakuimbira ndipo ndalama ya bokosi unatumiza tsiku lomwelo. Bokosi linali labwino, anthu anayamikira. Ndikulemba kuti udziwe zimene foni sinanene.

Tsiku la Isitala Amayi anandiuza kuti ndiwasambitse m'mamawa. Ndinawatulutsa panja pa mpando, anafunda bulangete lako lija, nkhope analozetsa ku msewu. Galimoto iliyonse ikamveka ankatukula mutu, ngakhale thirakitala ya masamba. Za mapepala zija sindinawauze. Ndakuikira kumbuyo zaka khumi ndi chimodzi, tsiku limenelo pakamwa panakana. Dzuwa litapendeka anati ndilowetse, kwazizira.

M'mawa mwake anandiitana monga mwa masiku onse. Ndinagwada mbali yanga ija, ndinawapatsa tsaya lamanja. Anasisita. Kenako anatulutsa dzanja linalo m'bulangete, anandigwira nkhope ndi manja onse awiri. Zala zawo zinayenda pa tsaya lamanzere pang'onopang'ono, kuchokera pa diso mpaka kuchibwano, n'kubwereranso. Sanalire. Anangoti, m'Chilomwe chawo chija, ndiye kuti sabwera. Kuyambira tsiku limenelo sanakutchulenso, ndipo phala ankangolawa. Anatisiya Lachisanu pa 2 Meyi, ine ndili m'munda. Anachita kudzandiitana pa sikelo.

Thupi tinalisunga masiku awiri, anthu akuti mwini mbumba ali m'njira. Ine ndinkadziwa, koma ndinawasiya adikire kuti aone okha. Pa manda atafunsa kuti wolankhula m'malo mwa banja ndani, anaimirira ndi a Amosi, kapitawo, munthu wa ku Thekerani amene si m'bale wathu n'komwe. Kalongonda wako uja tinaphikira okumba manda. Theka anali atafumbwa.

Chiperoni chayamba msanga chaka chino. Nkhungu ili thoo, mizere ya tiyi sikuoneka, dzuwa sitinalione masiku asanu. Dzulo atiitana ku ofesi kutiuza kuti masamba achepa, mwezi wamawa tonse a gulu lathu tipite pa lifu, tifune tisafune. Ndinaseka pamzere pomwepo, anzanga ankaganiza kuti ndi chisoni chandisokoneza.

Tsono tamvera. Ndakwiya nawe, ndipo si chifukwa cha tsaya. M'munda ndinalowa ndekha ndikudziwa zimene adokotala ananena, ndinasankha denga la Amayi, ndipo atati zibwererenso ndikhoza kusankha lomwelo. Ndakwiya chifukwa zaka zonsezi wakhala ukulira nkhope yanga ngati ndi yako. Wopsa ndinali ine, koma wofuna kunyengereredwa unali iwe, ndipo tonse pakhomo pano, mpaka mayi wosaona, takhala tikugwira ntchito yokuchotsa manyazi. Ndinakukhululukira ndisanatuluke m'chipatala chaka chija. Ukanayankha foni kamodzi kokha ndikanakuuza.

Ku Joni sindibwera. Dokotala wakoyo umuthokoze, ndipo ndalama za tsaya usatumizenso, ndidzazibweza ndi a Mervin omwewo. Nkhope iyi yadulidwa mitengo mokwanira. Chipsera chako chija leza inachotsa, unalipira, chinapita. Chimene chilipo pano ndi cha dzuwa la pa esiteti. Chako chatsala ndi kapachipumi kokha, ndipo monga unanena wekha, duku limaphimba.

Lifu yanga iyamba pa 2 Juni, ndidzakhala pakhomo mwezi wonse. Ndalama ya kotsuka magalimotoyo ugule tikiti. Ukabwera sindidzakutembenuzira tsaya lamanja. Udzayang'ana lamanzere lomweli mpaka maso ako atazolowera, kenako ndidzakuperekeza ukaone pamene tinawaika Amayi.

Alesi